Tsitsi la mwana, mtovu ndi ndalama za kachewere

Asilamufe tsitsi la mwana timaliyeza kuyambira kalekale. Khanda likakwanitsa masiku 7, pa aqiqa, timalimeta, tsitsilo n'kuliika pasikelo, ndipo kulemera kwake timapereka sadaka ya siliva kapena ndalama yolingana nayo. Muyeso umenewo aliyense amaumvetsa. Koma masiku ano kwabwera kuyeza kwina kwa tsitsi, kumene kukuwafika makolo a ana omwe ali ndi autism kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, kapenanso kudzera mwa abale athu okhala ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Uthenga wake umati: metani katsitsi ka kunkhongo, ikani mu envulopu, tumizani ku labotale, mulandira pepala losonyeza zitsulo zoopsa zimene zatseka ubongo wa mwana wanu. Pepalalo likafika, pambuyo pake pamabwera mndandanda wa mabotolo oti mugule kuti mwanayo "atsukidwe".

Kuno ku Mphunzi ndalama yotere siichoka m'banki ayi. Ndi ya matumba a kachewere, ya nyemba, ya mbuzi, kapena mpamba wa mayi amene amatsika ku Mtakataka kukapikula usipa. Ndiye tisanagulitse mbuzi, tiyeni tione bwinobwino chimene tsitsi lingatiuze, chimene silingatiuze, ndi kumene mtovu weniweni ukubisala m'makomo mwathu.

Mwana amene sayankha dzina lake

Tiyambe ndi mwanayo. Autism ndi momwe ubongo wa mwana unaumbidwira kuyambira ali m'mimba. Zizindikiro zimaoneka bwino asanafike zaka 3: kuchedwa kuyankhula kapena kusiya mawu omwe anali atayamba, kusayang'ana munthu m'maso, kusatembenuka akaitanidwa pomwe makutu ali bwinobwino, kusaloza chinthu ndi chala kuti amayi aone, kubwerezabwereza chinthu chimodzi, kulira kosatonthozeka pakasintha kanthu kakang'ono, kukana zakudya zambiri n'kukakamira chimodzi. Ena amadzayankhula n'kuphunzira bwino ndithu, ena amafunika chisamaliro moyo wonse. Bungwe la WHO linanena kuti mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi ali ndi autism, ndipo anyamata ndiwo amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana.

M'midzi mwathu mwana wotere amanenedwa zambiri. Ena amati n'ziwanda, ena amati anamulodza, ena amaloza bambo ake kuti anakhwimira bizinesi. Mayi amayenda naye kwa shehe, kwa sing'anga, kuchipatala, n'kubwerera wopanda yankho. Ndiye munthu akabwera ndi pepala la mizere yofiira n'kunena kuti vuto ndi aluminium kapena mercury, mtima umakhala pansi, poti tsopano mdani wapezeka ndipo ali ndi dzina. Sitikuwaseka makolo amenewa. Aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi.

Koma zimene ofufuza apeza zikuloza kwina. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa ana oposa 2 miliyoni a ku Denmark, Sweden, Finland, Israel ndi kuzambwe kwa Australia, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a chiopsezo cha autism amachokera ku chibadwa, zoyamwira kumtundu. Kubadwa masiku asanakwane ndi mavuto a pobereka zimaonjezerako. Katemera anamunamizira kwa zaka zambiri, kuyambira pa nkhani ya Andrew Wakefield ya 1998, yomwe magazini ya The Lancet inaichotsa mu 2010 zitadziwika kuti inali yachinyengo. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 ndipo sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemera wa chikuku ndi autism. Ife amene tikukumbukira chikuku cha 2010, chomwe chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi muno n'kupha oposa 300, sitikufunika kuuzidwa kawiri kuti kusikelo tisamajombe.

Tsitsi limodzi, mayankho 13

Kuyeza zitsulo m'tsitsi si kwatsopano, ndipo kunayesedwa kale. Mu 1985 dokotala wina wa ku America, Stephen Barrett, anafotokoza momwe anametera tsitsi la atsikana awiri athanzi, n'kuligawa timagulu, n'kulitumiza ku malabotale 13 ochita malonda amenewa, pogwiritsa ntchito maina osiyanasiyana. Mayankho anabwera osemphana, labotale ina kunena izi, ina kunena zina. Ngakhale labotale imodzimodzi inkapereka manambala osiyana pa tsitsi la munthu yemweyo. Ena mwa malabotalewo anawapeza atsikanawo ndi matenda omwe analibe, n'kuwalembera mankhwala oti agule. Mu 2001 akatswiri a zaumoyo a ku California anafotokoza kuti anabwereza zomwezo ndi tsitsi la munthu mmodzi m'malabotale 6, ndipo mapeto anali omwewo. Malipoti onse awiri anatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA.

Mlimi aliyense amvetsa chifukwa chake. Tsitsi lili panja pa thupi. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo miyezi yonseyo limatola chilichonse chimene lakumana nacho. Taganizani za mwana wa kuno. M'chilimwe amasewera m'fumbi la katondo, ndipo dothi lililonse padziko lapansi ladzaza ndi aluminium ndi ayironi. Ngakhale zojambula zofiira za Akafula m'mapanga a Mphunzi, zimene alendo amabwera kudzaona, kufiira kwake n'kwa ayironi wa m'nthaka. M'dzinja mwanayo amatsatira bambo ake kumunda pomwe akupopera kachewere ndi tomato kuteteza chiwawu, ndipo Dithane amene timapoperayo ali ndi manganese ndi zinc, pomwe kopa uja dzina lake likunena lokha. Madzulo amakhala mu utsi wa kukhitchini. Akasamba, sopo wina wochotsa mfundu m'mutu amakhala ndi selenium kapena zinc. Zonsezi zimakakamira patsitsi, ndipo makina a ku labotale satha kusiyanitsa chimene chachokera m'magazi ndi chimene chachokera m'sipuleya. Akalichapa tsitsilo kwambiri amachotsa ndi zam'kati zomwe, akalichapa pang'ono fumbi limatsalira. Palibenso muyeso umodzi womwe malabotale onse anagwirizana kuti apa ndiye pabwino, apa ndiye poopsa. Aliyense amajambula mzere wake wofiira pomwe wafuna.

Chilipo chinthu chimodzi chimene akatswiri amavomereza kuti tsitsi limachisonyeza bwino: mercury ya mtundu umene umalowa m'thupi kudzera mu nsomba. Apa asodzi ndi ogulitsa nsomba mungadzidzimuke, koma khazikani mtima pansi. Kafukufuku yemwe Karen Kidd ndi anzake anasindikiza mu 2003 anapeza kuti nsomba za m'Nyanja ya Malawi zili ndi mercury yochepa, pansi pa malire oopsa. Komanso mercury imaunjikana kwambiri mu nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, osati mu usipa, utaka kapena matemba. Oyenera kusamala ndi abale athu amene apita kokumba golide, monga ku Makanjira, komwe ena amagwiritsa ntchito mercury n'kuiotcha pamoto. Nthunzi yake ndi poizoni, ndipo isaotchedwe m'nyumba kapena pafupi ndi mwana ndi mayi woyembekezera.

Mankhwala otsuka magazi

Choopsa kwenikweni si pepala, koma chimene chimatsatira. Alipo mankhwala omwe amagwira zitsulo m'magazi n'kuzitulutsa kudzera mu mkodzo, madokotala amati chelation. Ndi mankhwala enieni, opulumutsa moyo pomwe mwana wadyadi mtovu wambiri. Koma sasankha bwino: pogwira mtovu amagwiranso calcium, zinc ndi ayironi zimene thupi likuzifuna, ndipo angathe kuononga impso ndi chiwindi. Mu August 2005, mnyamata wa zaka 5 yemwe anali ndi autism, amene banja lake linamutenga kuchokera ku England kupita ku Pennsylvania ku America kukalandira mankhwalawa, anamwalira atangobayidwa. Calcium wa m'magazi ake anatsikiratu, mtima n'kuima. Mu 2015 gulu la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku yense wa zamankhwala, linanena kuti palibe umboni woti chelation imathandiza autism, ndi kuti kuopsa kwake kukuposa phindu lililonse lomwe likunenedwa.

Tikudziwa kuti mabotolo ambiri ofika kuno si jekeseni, ndi timaufa, timadontho ndi makapusozi olembedwa "detox". Enawo amangodya ndalama. Koma mwana amene sayankhula sangakuuzeni kuti m'mimba mukuwawa kapena mutu ukuzungulira. Mumangoona akulira kwambiri, ndipo wogulitsa amati ndiye kuti poizoni akutuluka, onjezerani. Eti!

Mtovu ulipodi

Tisamveke ngati tikunena kuti nkhani ya zitsulo ndi nthano. Mtovu ndi mdani weniweni wa ubongo wa mwana aliyense. Umachepetsa nzeru, umachedwetsa kuyankhula, umachepetsa magazi, ndipo ukachuluka umakomola ndi kupha. WHO imati palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ungatchedwe wabwino, ndipo mwana amayamwa mtovu umene wameza kuposa munthu wamkulu kanayi kapena kasanu. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lonse, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Mu 2010 m'boma la Zamfara kumpoto kwa Nigeria, m'midzi ya Asilamu anzathu alimi, anthu ankapera miyala ya golide m'makomo mwawo osadziwa kuti inali yodzaza ndi mtovu. Fumbi lake linapha ana osachepera 400. A Médecins Sans Frontières anapulumutsa ambiri ndi chelation yomweyi, koma taonani ndondomeko yake: ankayeza magazi, dothi loipa linkachotsedwa m'makomo, ndipo mankhwala ankaperekedwa ndi madokotala kwa ana okhawo omwe magazi awo asonyeza mlingo woopsa. Kufupi ndi kwathu kuno kuli Kabwe ku Zambia, komwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana akudwala ndi fumbi lake.

Kuno ku Dedza mgodi wa mtovu tilibe, ndipo petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa kuchigawo chino cha Africa mu 2006. Wathu umalowa mwakachetechete, ndi katundu yemwe timagula ndi manja athu.

Woyamba ndi penti ya mafuta. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project, mogwirizana ndi akatswiri a m'dziko muno, linayeza mapenti a mafuta ogulitsidwa m'Malawi ndipo oposa theka anali ndi mtovu woposa malire. A Malawi Bureau of Standards analowererapo, ndipo kuyeza kwa zaka zotsatira kunasonyeza kuti zinthu zasintha kwambiri. Alhamdulillah. Komabe chitseko, zenera, bedi kapena benchi ya kumadrasa imene inapakidwa penti yachikasu, yofiira kapena yobiriwira zaka zapitazo ikadali pomwepo, ikusupuka. Makomiti a mizikiti ndi madrasa, pokonzanso nyumba musapale penti yakale youma ana ali pafupi. Nyowetsani kaye, sesani ndi nsanza yonyowa, ndipo pogula yatsopano funsani ya madzi kapena yolembedwa kuti ilibe mtovu.

Wachiwiri ndi batire. Masiku ano makomo ambiri ali ndi sola, ndipo batire ya sola, ya galimoto kapena ya njinga yamoto nthawi zambiri m'kati mwake mumakhala mtovu wambiri. Ikafa timaisiya pakhonde, ana n'kumaisewera, kapena timaiswa kuti tione ngati ingakonzeke. Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza asodzi. Zolemetsa ukonde ndi mbedza zambiri n'zamtovu, ndipo alipo amene amazipanga okha posungunula mtovu wa m'mabatire akale m'chitini, pamafuwa omwewo ophikira nsima. Ena amaluma mtovu ndi mano pofuna kuupanikiza pachingwe. Utsi wake umakhala fumbi losaoneka lomwe limagwera pansi pomwe mwana amakwawa, pa thandala loyanikira usipa, pa zovala zomwe bambo alowa nazo m'nyumba. Makolo athu ankamangirira miyala kumaukonde ndipo nsomba ankagwira. Amene sangachitire mwina, asungunulire kutali ndi nyumba, kumene mphepo ikupita, chitini chake chisakhudzenso chakudya, ndipo asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana.

Achitatu ndi mapoto osula pamsika kuchokera ku zitsulo zakale. Osula ena amaponya m'ng'anjo chilichonse, zidutswa za injini, ma radiator, ndipo mtovu umalowa momwemo. Mu 2023 a Pure Earth atayeza katundu wa m'misika ya maiko 25 anapeza kuti pafupifupi theka la ziwiya zachitsulo zophikira ndi zodyera zinali ndi mtovu wochuluka. Ndiwo za tomato ndi zowawasa ndizo zimaukoka kwambiri, makamaka zikagona m'poto. Phala la mwana, ngati n'kotheka, lizikhala ndi kapoto kake kochokera kufakitale.

Za wanja, tilankhule mwaulemu

Chachinayi ndi chathuchathu, ndipo tikupempha mashehe ndi amayi a dawa atithandize kuchifalitsa. Kupaka wanja m'maso ndi sunna, ndipo umene umatchulidwa ndi ithmid. Vuto n'lakuti wanja wambiri wogulitsidwa m'timabotolo tokongola, wochokera ku India, Pakistan ndi maiko a Aarabu, ngakhale umene ena amabwera nawo ngati mphatso ya ku Hajj, umapangidwa ndi mwala wa galena, womwe ndi mtovu. M'maiko angapo anauyeza n'kupeza kuti wina ndi mtovu kuposa theka. Mu 2011 mumzinda wa Boston anapeza mtovu m'magazi a khanda la miyezi 6 la banja lochokera ku Nigeria, ndipo atayeza wanja yemwe ankalipaka anapeza kuti magawo 82 pa 100 anali mtovu. Dziko la America sililola n'komwe kuti wanja wotere alowe.

Poyang'ana ndi maso simungasiyanitse ithmid weniweni ndi galena, onse ndi akuda ndi onyezimira. Khanda limatikita m'maso n'kuika chala mkamwa, basi mtovu walowa. Ena amapakanso pamchombo. Maganizo athu ndi akuti mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera asapakidwe wanja wa ufa amene sitikudziwa chiyambi chake. Mwana ndi amana imene Allah watisungitsa, ndipo palibe shehe amene angatiuze kuti tikwaniritse sunna ndi chinthu chovulaza khanda.

Nanga autism ikulowapo bwanji?

Ikulowa, koma mosiyana ndi momwe ogulitsa mabotolo amanenera. Ana ambiri a autism amakonda kuika zinthu mkamwa kupitirira msinkhu: dothi, makala, zipupa, penti yosupuka, timiyala. Kotero mwana wa autism ali pachiopsezo chachikulu chomeza mtovu kuposa anzake. Mtovu ukapezeka mwa iye, nthawi zambiri walowa chifukwa cha khalidwe lomwe autism yabweretsa. Kuuchotsa pakhomo kumamuteteza kuti asaonjezere vuto lina pamwamba pa lomwe ali nalo, koma sikumusandutsa mwana wina.

Njira yodziwira ndi magazi. Dontho la kuchala kapena la mumtsempha limasonyeza mtovu umene uli m'thupi panthawiyo. Malangizo a WHO a 2021 amati ukafika mamaikulogalamu 5 mu desilita imodzi ya magazi, gwero lake lifufuzidwe ndi kuchotsedwa, ndipo chelation imaganiziridwa ukafika cha m'ma 45, m'manja mwa dokotala. Kuyeza kumeneku sikupezeka pachipatala chilichonse, koma ngati mwana amadya dothi kapena penti, kapena pakhomo pamasungunulidwa mtovu, kanenani zimenezo momveka bwino kuchipatala cha boma ku Dedza kuti akuuzeni kolowera, kaya ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pemphaninso amuyeze kuchuluka kwa magazi ndi makutu. Ana ena omwe timawaganizira autism amakhala kuti samva bwino, ena anavulala ubongo ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ena ali ndi khunyu lomwe mankhwala ake alipo aulere.

Pali chinthu china chomwe alimife tili nacho m'manja. Mwana wochepa ayironi ndi calcium, kapena wa m'mimba mopanda kanthu, amayamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta bwino. Ndipo kuchepa kwa michere m'thupi ndi vuto lodziwika kale kuno, losafuna envulopu: kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 60 mwa 100 osakwana zaka 5 ndi ochepa zinc. Akatswiri a ku LUANAR ndi University of Nottingham anasonyezanso kuti chimanga cholimidwa m'nthaka ya asidi, yomwe ndi yochuluka m'dziko muno, chimakhala ndi selenium wochepa. Usipa wodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe uli ndi calcium, zinc, ayironi ndi selenium. Nyemba za NUA45 zinapangidwa dala kuti zikhale ndi ayironi ndi zinc wambiri, ndipo kuno kumapiri nyemba zimachita bwino. Mwana wokana ndiwo, musinjireni usipa wouma ukhale ufa, muzithira kasupuni kamodzi m'phala lake, poyamba pang'ono kwambiri kuti asazindikire fungo. Dzira, nsinjiro, chiwindi cha mbuzi pa Eid, bonongwe ndi chisoso, zonsezi n'zapakhomo.

Ndalama imene ikanapita ndi envulopu ingalipire thiransipoti yopita kumene kuli anthu odziwa ntchitoyi. A St John of God, omwe ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amaona ana ochedwa kukula ndi kuyankhula. Bungwe la PODCAM limasonkhanitsa makolo a ana aulumali, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera ochokera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu amapezeka kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma. Zimene amaphunzitsa n'zooneka zazing'ono: kukhala pansi kumaso ndi kumaso ndi mwana, kutsatira chimene iye wakonda, kutchula mawu amodzi n'kudikira, kugwiritsa ntchito zithunzi ndi manja, kuchita zinthu pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Pa mfundo yomalizayi nyumba ya Chisilamu ili ndi mwayi, poti swala zisanu zimagawa kale tsiku mofanana, ndipo mwana atha kuzolowera kuti ikatha Asr ndi nthawi yosamba, ikatha Maghrib ndi nthawi ya nsima.

Kwa aphunzitsi a madrasa, mwana wotere akabwera n'kumazungulira kapena kutseka makutu anzake akamawerenga mokweza, musamukwapule ndipo musamubweze. Mpatseni malo kumapeto, pafupi ndi khomo, ayambe ndi mphindi 10 patsiku, ndipo mchemwali wake kapena mchimwene wake akhale naye pambali.